Mano a rola ndi phunziro la amalume ku Mulanje

Minibasi yomwe ndidakwera ku Limbe idadzera msewu wa Midima. Unali mwezi wa Disembala, mvula itagwa usiku wonse, ndipo titangodutsa pa Nkando mitambo idayamba kuyera, phiri la Mulanje n'kuonekera lonse, madzi akutsetsereka m'matanthwe ake. Anzanga m'galimotomo adali kalikiliki kukangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji. Ine ndekha ndi amene ndinkasuzumira pawindo ngati mlendo, chonsecho mchombo wanga udakwiriridwa m'munsi mwa phiri lomwelo.

Ndidatsikira pa Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira. Nditagula zinanazi ziwiri ndidakwera njinga yamoto ya kabaza kulowera njira ya ku Muloza. Kuchokera pamenepo tiyi sakusiyanso. Kudutsa pa boma, kudutsa Lauderdale mpaka cha ku Mimosa, komwe kuli likulu la kafukufuku wa tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, minda imangoti biriwiri mbali zonse, amayi ndi abambo atabereka madengu akuthyola nsonga zanthete. Tiyiyu adakhazikika kuno kalekale. Mu 1891 mzungu wina, Henry Brown, yemwe adachokera ku Ceylon khofi atamufera ndi matenda, adabzala tiyi pa Thornwood, ndipo kuchokera nthawiyo moyo wa anthu ambiri m'boma lino wakhala ukuyendera tsamba limeneli.

M'chikwama changa mudali laputopu, ndipo ulendo wonsewu ndinkangoganiza za munthu mmodzi woti ndikamuonetse zomwe zidali m'menemo: amalume anga. Iwowa adagwira ntchito zaka zoposa 30 mu wekishopu ya fakitale ina ya tiyi, akusema zitsulo pa makina a lathe ndi a milling. Ndi iwo adandigwiritsa tupa koyamba ndili mu Sitandade 6, ndiponso ndi iwo adandilipirira fizi ku sukulu ya ntchito zamanja. Pano ndatha zaka 9 ku Joni, m'dera la mafakitale la Wadeville ku Germiston, komwe ndimalemba mapulogalamu oyendetsera makina a CNC. Kunena zoona, ndidabwera ndi kamtima kakuti tsobola wakale sawawa. Ndinkafuna aone kuti ntchito yomwe inkawagoneka mu wekishopu, ine nditha kuikonza ndili khale pakhonde.

Kwa omwe sadawaonepo, makina a CNC ndi makina osemera zitsulo omwe zogwirira zake sizipotokolodwa ndi manja a munthu koma zimayendetsedwa ndi kompyuta. Munthu amalemba malamulo a manambala, makina n'kumatsata. Nzeruyi idayamba ku America ndi John Parsons, yemwe ankapanga mapiko a helikopita, ndipo makina oyamba adaonetsedwa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT mu 1952, akuwerenga malamulo pa tepi yoboolaboola. Chilankhulo chomwe makina ambiri amamva lero chimatchedwa G-code. Ukalemba G00 ndiye kuti mpeni uthamange osadula kanthu. G01 ndiye kuti udule molunjika pa liwiro lomwe wauza. G02 ndi G03 n'zokhota mozungulira, pomwe M03 amayambitsa kuzungulira kwa makina. Mzere uliwonse umauza mpeni koti upite, ndipo mizere yonse pamodzi ndiyo njira ya mpeni. Makina alibe maso. Ukawauza kuti alowe m'chitsulo chomwe chagwira ntchito yako, amalowa ndi mphamvu zonse.

Ndidawapeza amalume atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akunola chikwanje. Titalonjerana, akazi awo adatipatsa kalongonda yemwe adakhala pamoto chiyambire dzulo lake, ndipo nkhani zidayamba ndi maliro omwe ndidaphonya komanso nyumba zomwe namondwe wa Freddy adagwetsa mu Malichi 2023. Dzuwa litapendeka ndidatsegula laputopu.

"Amalume, mukukumbukira marola aja ankakusowetsani tulo? Ndawalembera pulogalamu. Taonani."

Apa ndiyenera kufotokoza za marolawa, chifukwa kapu ya tiyi yomwe mumamwa m'mawa imadutsa pa mano a chitsulo. Masamba akafika ku fakitale amayalidwa kuti afote, kenako amadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono kuti madzi a m'tsamba akumane ndi mpweya. Apo ndi pomwe tsamba lobiriwira limasanduka lofiirira lisanalowe mowumitsira. Mafakitale ambiri m'Malawi muno amadula ndi makina a LTP, omwe ali ndi mipeni yozungulira mwaliwiro ngati chigayo. Ena ali ndi makina a CTC, omwe adapangidwa ndi William McKercher ku Assam m'dziko la India kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Makina a CTC ali ndi marola awiri a chitsulo chosachita dzimbiri, odzaza ndi mano, ozungulira moyang'anizana. Imodzi imazungulira pang'onopang'ono, inzake imathamanga pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Tsamba likalowa pakati limaphwanyidwa, kung'ambidwa ndi kupotedwa kukhala timibulu.

Mano amenewa sachedwa kubuntha, makamaka nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, pomwe tsamba limachuluka ndipo fakitale imagwira usana ndi usiku. Mano obuntha sadula, amangofinya. Tsamba limatentha, tiyi amatuluka wotuwa ndi wa zinyalala zambiri, ndipo akafika pa okushoni ku Limbe olawa amamudziwa ndi supuni imodzi yokha. Mtengo ukatsika kumeneko, ululu wake umabwerera kuno: kwa wothyola, kwa woyendetsa thirakitala, ndi kwa alimi ang'onoang'ono ngati a m'bungwe la Sukambizi omwe amagulitsa masamba ku Lujeri. Achemwali anga nawonso ali ndi kamunda ka tiyi komwe kamaphunzitsa ana awo atatu. Sadalowepo mu wekishopu, koma fizi ya ana awo imadalira munthu wonola marola.

Kunolako kuli pawiri. Pa lathe amakumba timizere tozungulira rola ngati zibangiri, nthawi zambiri 8 kapena 10 pa inchi iliyonse. Pa makina a milling amakumba mizere ina yopendekera, yoyenda mokhotakhota m'litali mwa rola ngati chingwe chopota. Pomwe mizere iwiriyi yadutsana ndi pomwe pamatsala dzino. Pa makina akale, kuti rola izizungulira molingana ndi kuyenda kwa tebulo, fundi ankalumikiza magiya osinthasintha, ndipo amalume adali ndi kabuku kakuda ndi girisi momwe adalemba magiya oyenera rola iliyonse. Pa CNC ntchito ya magiya onsewo imakwana mu mzere umodzi wa G01, wouza makina kuti ayende m'litali ndi kuzungulitsa rola nthawi imodzi.

Izi ndi zomwe ndidawaonetsa. Pa sikirini padaoneka rola ya mainchesi 30, kampeni kakuyenda, timizere tikutuluka kamodzikamodzi mpaka kumapeto. Pulogalamu yoyeserera sidadandaule paliponse. Padalibe pomwe mpeni udagunda, padalibe pofiira. Ndidawayang'ana amalume ndikudikira kuti agome.

Adavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyang'anitsitsa kwa kanthawi.

"Zokongola, mphwanga. Nanga kuchoka pa mzere uwu kufika pa unzakewu wayenda bwanji?"

"Mamilimita 3.2, amalume."

"Rola yake ya mano angati?"

"Ya 8 pa inchi."

"Inchi imodzi ndi mamilimita angati?"

"25.4."

"Tagawa ndi 8."

Ndidatenga foni. Yankho lidali 3.175. Ndidaseka n'kunena kuti kusiyana kwake ndi 0.025 basi, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Ndidazolowera kulemba m'mamilimita ndipo tsiku lomwe ndinkajambula rolayo ndidangokweza nambalayo kuti ikhale yosavuta.

Amalume adatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Rola ya mainchesi 30 ya mano 8 pa inchi ili ndi mizere 240. Mzere woyamba mpeni ulowa bwino m'malo mwake. Wachiwiri uphonya ndi 0.025. Wachitatu uphonya ndi 0.05. Pofika pa mzere wa nambala 64 kapena 65 kuphonyako kwakwana mamilimita 1.6, theka la mtunda wa pakati pa mano, ndiye kuti mpeni wasiya ngalande ndipo ukudya pamutu pa dzino lenilenilo. Pofika kumapeto waphonya ndi mamilimita pafupifupi 6.

"Rola yobwera kudzanoledwa si chitsulo chosalala ngati wajambulachi," adatero. "Ili kale ndi mizere yake, ndipo ili ndi mnzake woiyembekezera ku fakitale, yemwe mano ake ayenera kulowa m'mipata ya iyi. Iwe wanola rola yopanda mwamuna. Ukanaiika pa makina, bwenzi wapha zonse ziwiri."

Ndidakhala chete. Rola yoonongeka chotero siwotchereredwa. Mphete zake za mano zimaitanitsidwa kunja, kawirikawiri ku India, ndi ndalama zakunja zomwe aliyense akudziwa mmene zikuvutira, ndipo podikira kuti zifike tsamba silileka kuphuka m'munda. Chomwe chidandiwawa kwambiri n'chakuti kompyuta sidaname. Idayerekeza njira ya mpeni ndi chithunzi chomwe ine ndemwe ndidajambula, ndipo poti zonse ziwiri zidali ndi 3.2 yemweyo, zidagwirizana. Pulogalamu yoyeserera imayankha funso lomwe waifunsa. Funso lomwe sudaliganize, siikuuza.

Kutacha amalume adati tipite tikaone marola enieni. Mkulu wa wekishopu ya fakitale yomwe ankagwirako adali mwana wawo wa ntchito, ndipo titapempha chilolezo pageti adatilandira ndi manja awiri. Fungo la tiyi wowuma lidatichingamira tili patali, fungo lomwe aliyense wokulira kuno amalidziwa ngakhale atatsinzina. Mathirakitala adali pamzere ndi matumba a tsamba la m'mawa. Mu wekishopu, kuseri kwa nyumba ya boilara, mudali lathe yaitali yomwe penti yake idatha kale ndi manja a anthu, ndipo pambali pake marola adagona pa matabwa awiriawiri, aliyense ndi mnzake, atalembedwa manambala ndi choko.

Pa makina a milling padali mnyamata wa zaka za m'ma 20 akukumba mizere yopendekera. Amalume adaima kumbuyo kwake osayankhula, khutu lili tcheru. Kenako adamugwira paphewa n'kumuuza kuti awonjezere pang'ono liwiro lolowetsera mpeni. Kulira kwa makina kudasintha, kuchoka pa kulira kwa mluzu kufika pa kulira kokhuthala, ndipo tizidutswa ta chitsulo tidayamba kugwa topotana bwino.

Zimenezo ine ndidaziphunzira m'mabuku ndi pa makosi, amalume adaziphunzira ndi khutu. Chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi khalidwe lake: mpeni ukamangochikhula osaluma, pamwamba pake pamauma, ndipo ulendo wotsatira mpeni umakumana ndi chikopa cholimba n'kubuntha. Wamantha amene amalowetsa mpeni monyengerera ndi amene amaononga mipeni yambiri. Mapulogalamu a masiku ano ali ndi njira yoyendetsera mpeni mozungulirazungulira kuti nthawi zonse uziluma muyeso umodzi, usalemedwe pa kona kapena kupepukidwa poyera. Cholinga chake n'chomwecho chomwe amalume adakonza ndi dzanja paphewa la mnyamata uja.

Titakhala pa benchi kumwa tiyi wa 10 koloko, tidapeza kuti pafupifupi njira iliyonse yomwe ndimasankha pa kompyuta ili ndi mbale wake mu wekishopu yakale. Timayamba ndi kusema mokhadzula, kuchotsa chitsulo chambiri msanga n'kusiya kachikopa kochepa, kenako n'kumaliza ndi ulendo wopepuka wosalaza ndi kufikitsa pa muyeso. Amalume ankachita chimodzimodzi, ndipo ankadikira chitsulo chizizire asanayeze komaliza, poti chitsulo chotentha chimafufuma n'kunamiza micrometer. Pali kusankha mbali yolowera mpeni. Pa makina akale, omwe zomangira zake zili ndi kampata kolobodoka, fundi amayendetsa chitsulo motsutsana ndi kuzungulira kwa mpeni, apo ayi mpeni umakoka tebulo n'kuthyoka. Makina a CNC ali ndi zomangira zoyendera timipira tachitsulo, zopanda kampatako, choncho timayendetsa motsatana ndi mpeni ndipo ntchito imatuluka yosalala, mpeni n'kukhalitsa. Wobwera ndi chizolowezi cha CNC pa makina akale osadziwa chifukwa chake amathyola mpeni tsiku loyamba. Pali ndiponso njira yobwerera. Mpeni ukamaliza mzere uyenera kutuluka kaye bwinobwino usanathamange kupita poyambira wina. Ngozi zambiri za CNC sizichitika podula, zimachitika pothamanga ndi G00.

Ngozi yotereyi idandigwera chaka changa chachiwiri ku Joni. Lidali Lachisanu madzulo, ntchito ikufunidwa msanga, ndipo ndidasintha mzere umodzi pa makina pomwepo osayeserera. Mpeni udathamangira m'chogwirira chitsulo ndi phokoso lomwe lidaimitsa shopu yonse. Makina adakhala masiku angapo osagwira ntchito ndipo ndidatsala pang'ono kubwerera kumudzi ndi chikwama chokha. Kuchokera tsikulo sindidula chitsulo ndisanaone njira yonse pa sikirini. Choncho pomwe ndikunena kuti pulogalamu yoyeserera sidagwire 3.2 wanga, sindikunena kuti ilibe ntchito. Imagwira zolakwa zomwe diso silingaone m'mizere masauzande. Koma siilowa m'malo mwa munthu wodziwa komwe chitsulocho chikukagwira ntchito.

Mnyamata uja, yemwe nthawi yonseyi ankamvetsera, adafunsa funso lomwe ndikudziwa kuti achinyamata ambiri a m'masukulu a ntchito zamanja ali nalo.

"Achimwene, ndikafuna kuphunzira zimenezi ndiyambe ndi pulogalamu iti? Laputopu ndili nayo, koma ndi yakale."

Ndidamuuza kuti mapulogalamu oyeserera ali m'magulu atatu, ndipo munthu ayenera kudziwa chomwe gulu lililonse limaona ndi chomwe siliona. Gulu loyamba limawerenga G-code n'kujambula mizere yokha ya momwe nsonga ya mpeni idzayendere. Ndi opepuka, amayenda ngakhale pa kompyuta yakale, ndipo amagwira msanga zolakwa ngati kuiwala kadontho pa nambala. Koma sadziwa kuti pali chogwirira kapena bawuti panjira. Gulu lachiwiri lili m'kati mwa mapulogalamu ojambulira ndi kukonzera njira, monga Fusion 360 ndi Mastercam. Awa amaonetsa chitsulo chikusemedwa ndipo amachenjeza mpeni ukagunda, bola ngati wajambulamo zogwirira zako zenizeni. Chofooka chawo n'chakuti kawirikawiri amayeserera njira isanamasuliridwe m'chilankhulo cha makina ako, ndipo womasulirayo akalakwa, iwo sadziwa. Gulu lachitatu, monga Vericut, limawerenga G-code yeniyeni yomwe ikupita ku makina n'kuyendetsa chithunzi cha makina onse. Ndi lodalirika kwambiri koma mtengo wake ndi wa makampani akuluakulu. Palinso mapulogalamu a eni makina, monga SinuTrain ya Siemens ndi NCGuide ya Fanuc, omwe amaika mabatani a makina enieni pa kompyuta kuti wophunzira azolowere asanakhudze chitsulo.

Kwa munthu wa ku Mulanje, ndidamuuza, mafunso ofunika si omwe otsatsa malonda amayankha. Kodi pulogalamuyo imagwira popanda intaneti, kapena izikudyera bandulo ndi kukutsekera pakhomo netiweki ikavuta? Kodi imalipiridwa chaka ndi chaka m'madola? Kodi laputopu yako ingaikwanitse, ndipo magetsi akathima ntchito yako imasungika? Kodi imadziwa chilankhulo cha makina omwe udzagwiritse, poti Fanuc, Siemens ndi Haas amasiyana m'malamulo ena? Kodi imatha kuzungulitsa chitsulo monga rola imafunira? Mwachitsanzo CAMotics ndi yaulere ndipo ndi yabwino kuphunzirira, koma imayeserera makina oyenda mbali zitatu zokha, choncho mizere yopendekera ya rola siingakuonetse. Ndidamulangiza kuti ayambe ndi FreeCAD, yomwenso ndi yaulere ndipo safunika intaneti ukaiika, ajambule zinthu zomwe amazigwira tsiku ndi tsiku monga bushi ndi pule, atulutse G-code, ndipo aiwerenge mzere ndi mzere mpaka athe kunena komwe mpeni uli asanayang'ane chithunzi.

Ndidawonjezera kuti kuyeserera sikuthera pa laputopu. Pa makina penipeni timayendetsa pulogalamu yatsopano m'mwamba, mpeni ukudula mphepo, mzere umodziumodzi, chala chili pa batani loimitsira. Pakakhala chikayiko timayamba tadula thabwa kapena pulasitiki. Amalume adaseka n'kunena kuti iwo ankapaka choko pa rola n'kuyendetsa mpeni mongokhudza, kuti aone ngati ukutsata mzere wakale asanalowetse. Choko chimenecho chikadagwira 3.2 wanga pa mzere wa nambala 10.

Tikubwerera kunyumba tidadzera njira ya m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere kwathu, mitambo itayambanso kusonkhana pamwamba pake. Ndinkaganiza za kuchuluka kwa zitsulo zozungulira m'boma lino. Kupatula mafakitale a tiyi, kuli makina opangira magetsi ndi madzi a m'phiri, monga a MEGA ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya ndi a pa Ruo ndi Ndiza. Kuli zigayo pafupifupi pa msika uliwonse, mapampu a madzi, mathirakitala, ndi njinga zamoto zosawerengeka. Chilichonse mwa izi chili ndi shafiti, bushi kapena giya yomwe tsiku lina idzatha. Ikatha, sipeya amasakidwa ku Limbe ndi ku Blantyre, akasowa amaitanitsidwa ku Joni, ndipo ena mwa masipeya amenewo amasemedwa ndi Amalawi ngati ine, n'kubwera kuno pa mtengo wa ndalama zakunja. Makampani a ku India akugulitsa kale makina a CNC onolera marola a tiyi. Makina otere akamafika m'mawekishopu athu, funso lidzakhala lakuti adzawalembera mapulogalamu ndani, ndipo munthuyo adzakhala atagwirapo rola ndi manja kapena ayi.

Pempho langa kwa a TEVETA, kwa masukulu ngati Soche Technical College, ndi kwa a MUBAS ndi MUST ndi lakuti tisadikire kugula makina a mamiliyoni kuti tiyambe kuphunzitsa. Chipinda cha makompyuta khumi okhala ndi mapulogalamu aulere chikhoza kuphunzitsa G-code ndi njira za mpeni kwa achinyamata ambiri, ndipo wolakwitsa pa sikirini sathyola kanthu. Koma m'chipinda chomwecho muzilowanso mafundi opuma ngati amalume, omwe ali mbwee m'midzi ya Mulanje ndi Thyolo akunola zikwanje. Zomwe akudziwa sizidalembedwe m'buku lililonse la sukulu. Zili m'makutu mwawo ndi m'timabuku takuda ndi girisi, ndipo maliro aliwonse a fundi amapita ndi kabuku kake. Mnyamata wodziwa kompyuta yekha adzalemba 3.2 ngati ine. Fundi wakale yekha adzaima patali ndi makina atsopano n'kumawaopa. Awiriwa akakhala pa benchi imodzi, marola a Mulanje adzanoledwa ku Mulanje konkuno.

Usiku womaliza, mvula ikugogoda pa malata, amalume adalowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabuku kawo kaja. Sadandipatse kuti ndipite nako. Adati kakhale, poti mnyamata wa ku wekishopu uja walonjeza kuti azibwera Loweruka lililonse kudzakopera manambala ake mu laputopu, iwo akumufotokozera chifukwa cha nambala iliyonse. Ine ndidamusiyira mapulogalamu pa fulashi ndi nambala yanga ya WhatsApp.

Kenako tidatsegulanso pulogalamu ya rola ija. Ndidafuna kufufuta 3.2 ndi kulemba 3.175, koma amalume adafunsa ngati makina angamve mainchesi. Ndidati amamva: ukalemba G21 amawerenga mamilimita, ukalemba G20 amawerenga mainchesi.

"Ndiye uwauze m'mainchesi. Rolayo inabadwira m'mainchesi. Gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi, palibe chotsala choti munthu akweze kapena kutsitsa."

Ndidalemba G20 pamwamba, ndidasintha miyeso ina yonse kuti igwirizane nayo, ndipo pa mtunda wa pakati pa mizere ndidalemba 0.125. Tidajambulanso rola yokhala ndi mizere yake yakale, ndi mnzake pambali pake, n'kuyendetsa kampeni kuchokera pa mzere woyamba mpaka wa 240. Amalume adawerenga nawo chamumtima, magalasi ali pamphuno, ndipo kampeni katafika kumapeto kali m'ngalande yake adangogwedeza mutu n'kuitanitsa madzi osamba m'manja, poti nsima idali itayamba kuzizira.